TCHALITCHI PAKATI PA MUDZI

Ulaliki wa pa wailesi pa tsiku la Benedict Woyera, 11 Julaye

 Ndidziwa kuti ambiri a inu, makamaka a kuno ku mapiri a Dedza, mukumva mau anga muli chiothere moto, pakuti mwezi uno chisanu sichisankha mbuyo kapena mtsogolo. Ena mwa inu mwadzuka m'bandakucha pakumva belu la pa Mishoni. Belu limenelo munayamba kulimva mudakali kumsana kwa amai anu, ndipo mwina simunadzifunsepo kuti linachokera kuti, ndiponso likuitanira yani. Lero ndifuna kuti tilingalire pamodzi za belu limeneli, ndi za nyumba imene likulira pamwamba pake.

Mau amene atitsogolere ali m'buku la mneneri Yeremiya, mutu 29. Ayuda anali atatengedwa ukapolo ku Babiloni, ndipo mitima yao inali kwao ku Yerusalemu. Mneneri anawalembera kalata yowauza kuti asakhale ngati anthu ongoyembekeza ulendo, koma amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatiwa, ndipo afunire zabwino mzinda umene akhalamo ndi kuupempherera, pakuti mtendere wa mzindawo ndiwo mtendere wao. Tsono funso limene ndikuika pamaso panu ndi ili: kodi mudzi wathu, msika wathu, tauni yathu, zili pabwino chifukwa chakuti pakati pake pali tchalitchi? Tchalitchi chathu chitatsekedwa mawa, kodi alipo wina wosakhala Mkatolika amene angalire?

Lero Eklezia akukumbukira Benedict Woyera, amene anabadwira ku Nursia m'dziko la Italy cha m'ma 480. Nthawi imeneyo ufumu waukulu wa Aroma unali utagwa ku mbali ya kuzambwe, miseu inali kuonongeka, sukulu zinali kutha, ndipo nkhondo zinali zosalekeza. Benedict anachoka ku Roma kumene ankaphunzira, nakabindikira kuphanga ku Subiaco. Anthu anamtsatira, ndipo cha m'ma 529 anamanga nyumba pa phiri la Monte Cassino. Kumeneko analemba malamulo a moyo wa amonke, ndiye kuti amuna odzipereka kwa Mulungu amene amakhala pamodzi ngati banja limodzi, pansi pa mkulu mmodzi amene dzina la udindo wake limatanthauza kuti Tate.

Malamulo amenewa ngosavuta kumva. Tsiku ligawidwe patatu: kupemphera, kuwerenga, ndi kugwira ntchito ya manja. Amonke asonkhane kutamanda Mulungu kasanu ndi kawiri usana, ndi kamodzi usiku. Mlendo aliyense wofika pachipata alandiridwe ngati Kristu mwini wake, makamaka wosauka ndi wapaulendo. Odwala asamalidwe patsogolo pa zonse. Ndipo wosunga katundu wa pa nyumba asamale makasu ndi miphika monga momwe timasamalira zikho za pa guwa. Taonani, abale anga, m'malamulo amenewa mulibe mau onena za kumanga mizinda. Benedict ankafuna Mulungu yekha. Koma kumene kuli anthu opemphera, ogwira ntchito molimbika, ndi osabweza mlendo, kumeneko anthu amasamukirako monga mbalame zitsata mtengo wa zipatso.

Ndi mmene zinachitikira ku Ulaya m'nyengo imene olemba mbiri amaitcha Zaka za Pakati, kuyambira cha m'ma 500 kufikira cha m'ma 1500. Amonke ankafika pamalo a thengo, nagwetsa mitengo, naumitsa madambo, namanga tchalitchi. Posakhalitsa amisiri a matabwa, osula zitsulo, oomba nsalu ndi ophika buledi ankamanga nyumba zao kunja kwa mpanda. Mizinda ya St Gallen ku Switzerland, Fulda ku Germany, Cluny ku France, St Albans ndi Bury St Edmunds ku England inakula motero, mozungulira nyumba za amonke. Ngakhale dzina la mzinda waukulu wa München likuchokera ku liu lotanthauza amonke.

Tiyeni tilowe m'tauni imodzi yotere, tione mmene moyo unkayendera. Choyamba chimene tikadamva ndi belu. Anthu wamba analibe mawotchi, kotero belu loitanira amonke ku mapemphero ndilo linkauza mmisiri nthawi yoyamba ndi yoweruka ntchito. Belu linkalira moto ukabuka, linkalira adani akayandikira, linkaliranso munthu akamwalira, kuti onse amupempherere.

Chachiwiri ndi msika. Masiku a zikondwerero za oyera anthu ankabwera kuchokera kutali kudzapemphera, ndipo amalonda ankawatsatira. Bwalo la tchalitchi linkasanduka msika, mwakuti mpaka lero m'chinenero cha ku Germany liu lakuti Messe limatanthauza Misa, ndiponso limatanthauza chionetsero cha malonda. Amisiri a ntchito imodzi ankapanga bungwe lao, lokhala ndi woyera wao wowayang'anira, ndi thumba lao lothandizira amasiye ndi kuika maliro. Tchalitchi chachikulu cha ku Chartres chitapsa mu 1194 ndi kumangidwanso, m'mazenera ake a magalasi okongola anajambulamo ophika buledi, osoka nsapato, opala matabwa ndi amisiri ena ali pa ntchito zao. Zithunzi zimenezo zilipo mpaka lero, ndipo zimachitira umboni kuti nyumba ya Mulungu inali nyumba ya anthu a ntchito.

Chachitatu ndi sukulu. Makina osindikizira mabuku kunalibe, ndipo amonke ndiwo ankakopera pamanja Malembo Oyera ndi mabuku a nzeru zakale, tsamba ndi tsamba, pa zikopa za nkhosa ndi za ana a ng'ombe. Mu 1179 Papa Alexander III anaitanitsa msonkhano waukulu wa aepiskopi ku Lateran mu mzinda wa Roma. Msonkhanowo unalamula kuti pa tchalitchi chilichonse cha episkopi pakhale mphunzitsi wophunzitsa ana osauka popanda malipiro. Yunivesite ya ku Paris inaphuka kuchokera m'sukulu zotere.

Chachinai ndi chipatala. Mu 1123 munthu wina dzina lake Rahere anamanga ku London nyumba ya ansembe pamodzi ndi chipatala cha St Bartholomew, chosamalira osauka odwala. Chipatala chimenecho chikugwirabe ntchito lero, patapita zaka zoposa 900. Msonkhano uja wa 1179 unakumbukiranso akhate, amene ankakhala kunja kwa mizinda, ndipo unalamula kuti aloledwe kukhala ndi tchalitchi chao, manda ao ndi wansembe wao.

Chachisanu ndi pothawira. Munthu wothamangitsidwa akalowa m'tchalitchi, womlondola sankaloledwa kumgwira kapena kumupha m'katimo, ndipo mkwiyo unkapeza nthawi yozizira mlandu usanazengedwe. Mu 989 aepiskopi anasonkhana ku Charroux m'dziko la France, nalengeza chilango cha Eklezia kwa ankhondo olanda matchalitchi, omenya ansembe, ndi olanda ziweto za alimi osauka.

Abale anga, pamene ndikufotokoza izi, ndikhulupirira kuti agogo ena akumwetulira, nanena mumtima mwao kuti: "Zimenezi si za ku Ulaya kokha, ife tinaziona ndi maso." Mwanena zoona, agogo. Amishonale amene anafika kuno sanali amonke a Benedict Woyera, koma anayenda m'mapazi omwewo. Mu 1901 ansembe a chipani cha Montfort anafika pa Nzama ku Ntcheu. Mu 1902 ansembe a chipani cha White Fathers anakhazika mahema ao pa Mua, m'tsinde mwa mapiri, m'dziko la Inkosi Kachindamoto. Anaumba njerwa, anacheka matabwa, anabzala mitengo ya zipatso, anatsegula sukulu za m'midzi zimene aphunzitsi ake anali akatekisi. Mu 1911 asisitere anayamba ntchito ya chipatala pa Mua, ndipo mu 1927 anatsegula malo osamalira akhate, anthu amene ngakhale abale ao ankaopa kudya nao mbale imodzi. Mu 1910 anatsegula Mishoni ya Bembeke pamwamba pano pozizira. Pa Bembeke panakhala Ambuye Episkopi Mathurin Guillemé, panali makina osindikizira mabuku amene pambuyo pake anasamukira ku Likuni, ndipo pa sukulu ya St Joseph paphunzira aphunzitsi aakazi ochuluka a dziko lino. Pamene panali belu panabwera sukulu, pamene panali sukulu panabwera mseu, ndipo m'mbali mwa mseu munabwera sitolo ndi msika wa mbatatesi ndi kabichi.

Ndi pothawira pomwe tinapaona. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo itakula ku Mozambique, abale athu a tsidya lija la malire anakhamukira kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, ana kumsana, mitolo pamutu. Ambiri a inu munawapatsa malo omangapo, munagawana nao ufa, munapemphera nao pa benchi limodzi. Ndipo pangano la mtendere la dziko lao linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi Akristu a bungwe la Sant'Egidio pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira.

Koma tsopano tamverani, pakuti ndikadakhala wonama ndikadalekeza pomwepa. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mbiri ya Eklezia ili ndi potitsina khutu.

Nyumba zija za amonke zinayamba mwaumphawi, koma mafumu ndi anthu olemera ankazipatsa minda kuti amonke aziwapempherera. Patapita zaka mazana angapo, mkulu wa amonke, uja wotchedwa Tate, anasanduka mwini malo, wokhometsa msonkho wa pamsika, ndi woweruza milandu. Ku St Albans amonke anali ndi chigayo choyendera madzi, ndipo analamula kuti munthu aliyense wa m'tauni azigayitsa tirigu wake kumeneko, nalipira. Anthu osauka anali ndi mphero zao m'nyumba, zopera pamanja, monga zija agogo athu ankaperera mawere ndi mapira. Mkangano unakhala zaka zambiri. Potsiriza, cha m'ma 1331, mkulu wa amonke dzina lake Richard wa ku Wallingford anapambana mlandu, nalanda mphero za anthu, naziyala pansi m'chipinda cholandiriramo alendo cha nyumba ya amonke, kuti zizipondedwa.

Tangoganizani, inu amai. Wina abwere pakhomo panu, atenge mtondo wanu ndi munsi wanu, akuuzeni kuti kuyambira lero mgaiwa wonse uzichokera ku chigayo chake, ndipo amene akuchita zimenezi ndi yemwe amakuwerengerani Mthenga Wabwino pa tsiku la Mulungu. Anthu a ku St Albans anasunga chilonda chimenecho zaka 50. Mu 1381, pamene alimi a ku England anaukira mabwana ao, anthu a m'tauniyo analowa m'nyumba ya amonke, nazula miyala ija, naiphwanya. Mmonke wina wa pomwepo, Thomas Walsingham, analemba kuti anagawana zidutswazo monga momwe ankagawirana buledi wodalitsidwa m'matchalitchi pa tsiku la Mulungu. Ku Bury St Edmunds nako, mu 1327, anthu a m'tauni anathyola chipata cha amonke, nafunkha katundu. Amene anachita zimenezi sanali akunja. Anali Akristu obatizidwa, ana a tchalitchi chomwecho.

Nchifukwa ninji ndikukusimbirani nkhani yochititsa manyazi yotere pa tsiku la chikondwerero? Chifukwa chakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nyumba ya Mulungu ikaiwala kuti chuma chake nchoti itumikire nacho, anthu amayamba kuiona ngati bwana wina mwa mabwana. Ifenso maparishi athu ali ndi minda, nkhalango, nyumba zochititsa lendi, zigayo, sukulu ndi zipatala. Zinthu zimenezi si zoipa. Popanda izo parishi singathe kudzidalira. Koma anthu achuluka, minda yachepa, ndipo mnyamata amene alibe polima akayang'ana malo a Mishoni amafunsa mafunso. Tisamuyankhe ndi mapepala okha. Ife ansembe, ndi inu a m'makomiti a tchalitchi, tidzifunse pamaso pa Mulungu: kodi anthu akudziwa kumene ndalama za chopereka zikupita? Kodi mai wamasiye wolephera kupereka ya mtulo timamchitira chifundo, kapena timambweza pa nthawi imene akufuna sakramenti kapena mwambo wa maliro? Kodi palibe mphero ya munthu wosauka imene taiyala pansi pathu?

Mulungu sasiya Eklezia wake wopanda mankhwala. M'zaka zomwezo pamene nyumba zina za amonke zinalemera, Iye anautsa Francis wa ku Assisi, mwana wa munthu wogulitsa nsalu, wokulira m'tauni. Francis ankanyansidwa ndi akhate, koma tsiku lina anakomana ndi wakhate panjira, namfungatira, ndipo moyo wake unatembenuka. Mu 1209 Papa Innocent III anavomereza moyo wake ndi wa anzake, ndipo mu 1216 chipani cha Dominic Woyera chinavomerezedwanso. Abale atsopanowa sanamange kutali ndi anthu kuseri kwa mipanda. Anakhala m'matauni momwemo, pakati pa osauka, akuyenda pansi, akulalika pamsika, akudya chimene apatsidwa. Clare Woyera anatsata njira yomweyo ya umphawi, ndipo ana ake auzimu, asisitere a Poor Clares, ali pakati pathu ku Lilongwe, akutipempherera usana ndi usiku.

Nanga ife lero, mankhwala athu ali kuti? Kale anthu ankati "kwa Abambo" ponena za Mishoni, ngati kuti tchalitchi nchachilendo, cha azungu a mikanjo yoyera. Koma kumbukirani kuti mwana wa kufupi ndi Mua, Cornelius Chitsulo, anadzozedwa unsembe mu 1937, woyamba mwa ana a dziko lino mu Eklezia Wakatolika. Mu 1956 Papa anampatsa dera latsopano la Dedza, mu 1957 anadzozedwa uepiskopi, woyambanso mwa Amalawi, ndipo anaweta nkhosa za kuno kufikira imfa yake mu 1984. Pa Mua pomwepo, mu 1976, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni, kumene amisiri osema a kuno kwathu anaonetsa Kristu ndi Amai Maria ndi nkhope zathu, m'mitengo ya m'nkhalango zathu. Ndipo m'zaka za m'ma 1970 aepiskopi a m'maiko a kuno kuvuma kwa Afrika anagwirizana kuti maziko a Eklezia akhale timagulu ta Akristu a m'mudzi umodzi, timene kuno timatitcha Miphakati. Tanthauzo la zonsezi ndi limodzi: Mishoni tsopano ndinu. Chipata chimene mlendo akugogoda ndi chitseko cha nyumba yanu.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu, ndipo nzotheka zonse.

Kwa inu makolo: Benedict Woyera anagawa tsiku kuti pemphero likhale ndi nthawi yake, ntchito nthawi yake. Banja lanu likhale ndi belu lake, ngakhale losamveka ndi makutu. Ikani nthawi imodzi madzulo, mutatha kudya, imene wailesi ndi mafoni zikhale chete, ana ndi akulu apemphere pamodzi, ngakhale gawo limodzi la Korona. Ndipo pophika, amai, musaiwale kuti mlendo ndi mame. Mtanda umodzi wapadera sunasaukitsepo banja.

Kwa inu a m'Miphakati: m'nyumba za amonke munali munthu wosankhidwa kuti azigawa chakudya ndi zovala kwa osauka, ndipo ntchito yake inalinso kufunafuna odwala amene sakanatha kufika pachipata. Musanabalalike pa msonkhano wanu wa sabata ino, tchulani maina. Ndani m'mudzi muno akugona wopanda bulangete m'chisanu chino? Ndi nkhalamba iti imene denga lake lidzadontha mvula ikayamba? Ndi mwana uti amene wasiya sukulu chifukwa cha yunifolomu kapena makope? Musafunse ngati ali Mkatolika, wa mpingo wina, Msilamu, kapena wa ku dambwe. Mneneri Yeremiya anauza Ayuda kuti afunire zabwino Babiloni, mzinda wa anthu osapembedza Mulungu wao. Mukatchula dzina, sankhani munthu ndi tsiku, pakuti mutu umodzi susenza denga, komanso denga silidzikweza lokha anthu akangolikambirana.

Kwa inu akatekisi: ntchito imene amonke ankagwira ndi nthenga ndi inki, inu mukuigwira ndi pakamwa ndi njinga. Akatekisi oyamba a ku Mua, a ku Bembeke ndi a ku Nzama ndiwo anaphunzitsa agogo athu kuwerenga pamodzi ndi kupemphera. Inu ndinu amene mumadziwa khomo lililonse, ndinu amene mumamva madandaulo amene safika ku nyumba ya ansembe. Mukaona kuti lamulo lina la pa parishi likupsinja osauka, musakhale chete poopa nkhope zathu. Bwerani mutiuze mwaulemu koma mosabisa. Kukadapezeka munthu wolimba mtima wouza mkulu uja wa ku St Albans kuti abweze mphero za anthu, nyumba ya Mulungu sikadathyoledwa ndi ana ake omwe.

Abale anga, nyumba zambiri za amonke za ku England zinatsekedwa ndi mfumu Henry VIII pakati pa 1536 ndi 1540, ndipo lero zambiri ndi mabwinja omera udzu. Monte Cassino inagwetsedwa kangapo, komaliza ndi mabomba mu 1944, ndipo inamangidwanso. Mu 1964 Papa Paul VI anapita komweko nalengeza Benedict Woyera kukhala nkhoswe ya Ulaya. Njerwa zimagwa, njerwa zimamangidwanso. Koma pa tsiku lomaliza, monga tiwerenga pa Mateyu mutu 25, Ambuye sadzatifunsa za kutalika kwa nsanja ya belu. Adzatifunsa za wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende, ngati tinamzindikira Iye mwa iwo. Mawa m'mawa belu likalira, mulimve ngati likukufunsani funso limenelo kudakali nthawi.

Tipemphere. Inu Mulungu Atate athu, munapatsa Benedict Woyera mtima wofuna Inu nokha, ndipo mwa iye munadyetsa anjala ndi kuphunzitsa osadziwa. Yang'anani matchalitchi athu a m'mapiri ndi a m'mbali mwa nyanja. Tikhululukireni pamene tatsekera osauka chitseko. Limbitsani Ambuye Episkopi athu, ansembe, asisitere, abulazala, akatekisi ndi mabanja onse, kuti midzi yathu ipeze mtendere chifukwa cha Dzina lanu lokhala pakati pake. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.

Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni nonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.